Pachitupa Panalembedwa Kota Kota, Koma Ubale Uli Kuti?

Pa zitupa zakale za anthu amene ankapita ku Halale ndi ku Joni pankalembedwa zinthu zochepa: dzina la munthu, dzina la bambo ake, mfumu ya kwawo ndi boma limene ankachokera. Zitupa zoterezi zikadalipo m'masutikesi a m'malokeshoni a Mbare, Highfield ndi Makokoba, komanso m'makomboni a m'mafamu ndi m'migodi ya ku Zimbabwe. Pa zina mwa izo pali dzina limene masiku ano silipezekanso pamapu: Kota Kota, dzina lakale la Nkhotakota. Eni zitupazo anatsikira kulichete kalekale. Amene akuzitulutsa lero ndi adzukulu, ndipo ena mwa iwo amakwera basi, kudutsa pa Nyamapanda ndi ku Tete, n'kudzatsikira pa boma la Nkhotakota ali ndi kapepala kamodzi m'manja, akufunsa ngati a Phiri a kuno ndi abale awo.

Palibe mudzi wa m'mbali mwa nyanja umene ungabweze mlendo wotere. Amuyalira mphasa, amuphikira kondowole wa chambo, ndipo dzuwa lisanalowe wapezeka kale wina womutcha mphwake. Umenewo ndi ulemu wathu ndipo usathe. Koma a Phiri ali ku Linga, ali ku Chia, ali ku Dwangwa, ali ku Kasungu mpaka ku Chipata ndi ku Angonia. Kufanana mfunda si umboni wakuti anthu awiri anachokera m'mimba imodzi. Tsiku limene nkhani ifika pa munda, pa ufumu, pa chuma cha masiye kapena pa chiphaso cha unzika, chifundo cha pamphasa chija sichikwaniranso. Pamafunika kulongosola kuti uyu anabereka uyu, uyu n'kubereka uyu, popanda kudumpha aliyense.

Ofuna umboni wotere akuchulukirachulukira. Ku Zimbabwe, lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ana ndi adzukulu ambiri a anthu ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique anapezeka akutchedwa alendo m'dziko limene anabadwira, ndipo ndi malamulo aakulu a dzikolo a mu 2013 amene anawatsegulira khomo lobwerera ku unzika. Kuno kwathu, nyumba ya malamulo inavomereza mu 2018 kuti Mmalawi akhoza kukhala nzika ya maiko awiri, ndiye ana a machona ayamba kufunsa za kwawo kwa agogo. Ku South Africa, makampani a migodi ya golide anavomera kupereka R5 biliyoni yopepesera anthu amene mapapo awo anawonongeka ndi fumbi la mumgodi. Khoti linaloleza mgwirizanowo mu 2019, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust ndi limene likugawa ndalamazo. Mwini wake akakhala kuti anamwalira, mkazi kapena mwana ayenera kusonyeza kuti ndi wakedi. Apa mpamene mayi wokalamba, amene mudzi wonse ukudziwa kuti anakhala pabanja ndi malemuyo mpaka imvi, amafunsidwa pepala limene sanalionepo chibadwire.

Mapepalawo anasowa bwanji?

Si ulesi wa makolo athu ayi. Lamulo lolembetsa obadwa ndi omwalira limene atsamunda anakhazikitsa mu 1904 silinkakakamiza anthu akuda. Mwana wa Mzungu kapena wa Mmwenye ankalembedwa. Mwana wa msodzi wa ku Sani ankabadwa, kukula, kukwatira, kukalamba n'kumwalira boma osalemba tsiku ngakhale limodzi mwa masiku amenewa. Zinakhalabe choncho ngakhale titalandira ufulu mu 1964. Lamulo latsopano la National Registration Act linayamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo kalembera wamkulu wa zitupa za unzika anachitika mu 2017. Ndiye kuti kaundula wa boma wokhudza aliyense ndi wadzulodzuloli, wamng'ono kuposa ana athu ambiri.

Boma la atsamunda linkalemba munthu wakuda pokhapokha likamufuna: pa msonkho, pa usilikali, pa mlandu, ndi pa ulendo wa kuntchito. Ma kaundula a msonkho ankasanja amuna mudzi ndi mudzi pansi pa nyakwawa yawo. A Disi ankasunga buku la boma lawo, momwe ankalembamo mbiri ya mafumu, mikangano ya malire ndi mayina a olowa ufumu. Zambiri mwa zimene zinapulumuka zili ku National Archives of Malawi ku Zomba, nkhokwe imene inatsegulidwa mu 1947. Koma nkhokweyo ili ndi chibowo chachikulu: mu 1919 moto unapsereza maofesi a likulu la boma ku Zomba komweko, ndipo makalata ambiri a zaka zoyambirira za utsamunda anasanduka phulusa. Zaka zimenezo, kuyambira 1891, ndi zomwe ulamuliro wa a Jumbe, Aswahili amene ankalamulira pano, unagwa, boma la Marimba n'kukhazikitsidwa ndi likulu lake pa Kota Kota, anthu ambirimbiri n'kusintha mbuye, mudzi ndi dzina. Nthawi imene tikuifuna kwambiri ndi yomwe inapsa.

Anzathu a ku Ireland

Pali mtundu wina umene unakumana ndi tsoka lofanana kwambiri ndi lathuli, ndipo njira imene unatulukira ndi yoti tiiyang'ane. Dziko la Ireland nalonso linkalamulidwa kuchokera ku London. Pa njala yaikulu ya pakati pa 1845 ndi 1852, mbatata zitaola m'minda, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anafa, ndipo enanso oposa miliyoni anakwera zombo kupita ku Liverpool, Boston, New York, Canada ndi Australia. Ambiri anali osauka osadziwa kulemba. Kalaliki wa padoko ankalemba dzina mmene walimvera, ndipo pamalo polemba kochokera ankangoti Ireland, basi. Kwawoko, boma linayamba kulemba obadwa ndi omwalira onse mu 1864, njala itapita kale. Kenaka pa 30 June 1922, nkhondo yapachiweniweni itangoyamba, nyumba yosungira zolemba za boma ku Four Courts mumzinda wa Dublin inaphulika n'kupsa. Munapsera pafupifupi kalembera yense wa 1821, 1831, 1841 ndi 1851, mawilo a anthu omwalira, ndi ma kaundula ambiri a mpingo wa Church of Ireland.

Mdzukulu wa ku America amene akufuna agogo ake otchedwa Patrick Murphy ali m'madzi omwe ali mnzathu wofuna a Phiri. A Murphy ndi a Kelly ali paliponse, ndipo mabanja ankabwereza mayina omwewo: mwana wamwamuna woyamba ankapatsidwa dzina la agogo ake a kuchimuna, wachiwiri la agogo a kuchikazi. M'mudzi umodzi mukhoza kupezeka a Patrick Murphy anayi obadwa zaka zoyandikana. Ofufuza a kumeneko anaphunzira kuti kusaka munthu mmodzi payekha n'kutaya nthawi. Amasaka gulu. Amayang'ana amene anaimira mwana pa ubatizo, amene anachitira umboni pa ukwati, amene anakwera naye chombo chimodzi, amene anamanga nyumba pafupi naye ku Boston. Mayina omwewo akapezekanso pamodzi m'parishi imodzi ku Ireland, pamenepo ndiye pali poyambira.

Amagwiritsanso ntchito zolemba zimene sizinalembedwe n'cholinga cha mbiri ya mabanja. Pali kaundula wa malo ndi nyumba wotchedwa Griffith's Valuation, amene analembedwa pakati pa 1847 ndi 1864 pofuna kudziwa msonkho. Pali nyuzipepala ya ku Boston yotchedwa The Pilot, imene kuyambira 1831 mpaka 1921 inkasindikiza mauthenga a anthu osaka abale awo osochera, uthenga uliwonse ukutchula mudzi wochokera, chaka chonyamukira, ndi ubale wa wosakayo. Pali mafomu a penshoni ya okalamba imene inakhazikitsidwa mu 1908: popeza ofunsirawo anabadwa boma lisanayambe kulemba, akalaliki ankakayang'ana mayina awo m'kalembera wa 1841 ndi 1851, n'kukopera zimene apeza, ndipo zokoperazo zinapulumuka moto pamene mabuku enieniwo anapsa. Koposa zonse, ma kaundula a Akatolika sanali ku Dublin. Anali m'maparishi, ndipo mu 2015 laibulale ya dzikolo inaika zithunzi zawo pa intaneti kuti aliyense aziona ulere.

Chilichonse mwa zimenezi chili ndi mnzake kuno. Tili ndi ma kaundula a msonkho, tili ndi makhadi a Wenela, bungwe lolemba anthu opita ku migodi, tili ndi mabuku a mipingo. Chimene ife tili nacho choposa iwo n'chakuti mbadwo umene unamva nkhani kuchokera pakamwa pa amene anaona a Jumbe ndi maso wangotsala pang'ono kutha, koma sunatheretu.

Buku la ku mishoni

Amishoni a Anglican a bungwe la UMCA anafika kudzakhazikika pa Kota Kota mu 1894. Wansembe woyamba, Arthur Fraser Sim, anamwalira chaka chotsatira. Mu September 1895 Bishopu Chauncy Maples anamira panyanja ngalawa yake itagubuduzika ndi mphepo, ndipo thupi lake linaikidwa ku Nkhotakota, pamene pali tchalitchi cha All Saints. Kuchokera nthawi imeneyo mpingo wa Anglican wakhala ukulemba obatizidwa, olimbitsidwa, omanga ukwati ndi oikidwa m'manda. Kwa mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanja, dzina la kholo lawo linagwera papepala koyamba m'mabuku amenewa.

Kaundula wakale wa ubatizo ndi chinthu choti munthu achione ndi maso. Chikuto chake n'cholimba koma m'mphepete munadyeka, mapepala anasanduka achikasu, inki inafiira. Tsamba lililonse lili ndi mizere yotsika: nambala, tsiku, dzina, makolo, mudzi, oimira, ndi siginecha ya wansembe. Dzanja limasintha wansembe akasintha. Wina ankalemba mopendeketsa, wina mothinana moti chilembo cha u ndi cha n sizisiyana. Mudzi umodzi ungalembedwe m'njira zitatu pa masamba atatu otsatizana. Mukafika pa tsiku la Pasaka mupeza mndandanda wautali wa akuluakulu obatizidwa tsiku limodzi, anthu amene anayamba ali omvera, n'kulandira mtanda, n'kudikira zaka asanalowe m'madzi. Aliyense wa iwo anatuluka ndi dzina latsopano: Petro, Yohana, Barnaba, Mariamu, Agnesi. Pamene mlembi anasamala n'kuika dzina lakale pambali pa latsopanolo, mdzukulu wa lero wapeza mlatho. Pamene sanasamale, munthu mmodzi amaoneka ngati anthu awiri, wa kumudzi ndi wa kutchalitchi.

Mzere umene ambiri amaudumpha ndi wa oimira, chonsecho ndi umene uli ndi nkhani. Munthu sankatola aliyense kuti amuimirire mwana. Mukaona mayi mmodzi akuimira ana a akazi atatu osiyana kwa zaka khumi, funsani kumudzi: kawirikawiri mupeza kuti akaziwo anali pachibale, ndipo iyeyo anali mayi awo aakulu kapena mchemwali wawo. Buku silinena zimenezo poyera, koma limakupatsani funso loyenera kupita nalo kwa agogo.

Vuto lalikulu la mabukuwa n'lakuti anasindikizidwa ndi anthu owerenga ubale kuchimuna. Fomu ya ukwati ya ku England inkafunsa dzina la bambo wa mkwati ndi la bambo wa mkwatibwi. Mayina a amayi anayamba kulembedwa kumeneko mu 2021. Koma Mchewa amawerenga bele. Munthu ndi wa kwa amayi ake, mwini mbumba ndi malume, munda ndi ufumu zimatsata mimba. Bambo, pa ukwati wa chikamwini, anali wobwera, ndipo banja likatha ankanyamula khasu ndi mphasa yake n'kubwerera kwawo. Pepala limakusonyezani munthu amene anachoka, n'kukubisirani amene anatsala. Mdzukulu wa ku Halale amene wagwira dzina la bambo wa agogo ake akhoza kufika m'mudzi woona n'kuuzidwa kuti munthu wotero sakumudziwa, pamene akanatchula dzina la mayi wa agogowo anthu akanayamba kulira.

Onjezani mwambo wolowa dzina. Mfumu kapena mwini mbumba akamwalira, mphwake amalowa dzina lake, ndipo amalowanso ubale wake wonse: amene malemuyo ankawatcha alongo, iyenso aziwatcha alongo. N'chifukwa chake Malengachanzi kapena Kanyenda wotchulidwa m'buku la a Disi si munthu mmodzi koma mpando, ndipo wofufuza wosasamala amapanikiza mibadwo itatu kukhala umodzi. Ngakhale kwa anthu wamba mayina sanali okhazikika. Pali la ubwana, pali la kuchinamwali kapena ku jando, pali la ubatizo, pali limene munthu anadzipatsa pa geti la mgodi. Ena ankapita ku Joni ndi chitupa cha mbale wawo. Ndipo ambiri a ife tikudziwa wina amene anatenga dzina la msuweni wake kuti abwereze Sitandade 8, dzinalo n'kumukanirira mpaka pa chiliza. Abale a mimba imodzi amapezeka ndi mayina a makolo osiyana, wina watenga mfunda, wina dzina loyamba la bambo, wina la malume amene anamulipirira sukulu.

Zimene Linga silikonda kukamba

Nkhotakota si mudzi wa mtundu umodzi. Cha m'ma 1840 Salim bin Abdallah, Mswahili wochokera kugombe la kum'mawa, anakhazikika pano n'kutenga udindo wa Jumbe. Iye ndi omutsatira anamanga zombo zoolotsa minyanga ndi anthu kupita kutsidya la nyanja, kumene ulendo wapansi wopita ku Kilwa unkayambira. David Livingstone anadutsa pano mu 1861 n'kubweranso mu 1863, ndipo mkuyu umene amati anakhala pansi pake ukadalipo pafupi ndi chipatala cha St Anne's. Harry Johnston anapangana pangano ndi Jumbe wachitatu, Tawakali Sudi, mu 1889. Jumbe ameneyo atamwalira mu 1894, womulowa m'malo sanakhalitse: boma la atsamunda linamuchotsa n'kumutumiza ku Zanzibar. M'zaka makumi asanu zimenezo Linga linadzaza ndi Aswahili, Anyamwezi, Ayao, Abisa, Achewa othawa nkhondo ya Angoni, ndi anthu ogwidwa kuchokera kumtunda mpaka ku Luangwa. Mpunga umene boma lino limatchuka nawo, Chisilamu, ndi mayina ambiri a mabanja a pano zinamera m'nthawi imeneyo.

Si ogwidwa onse amene anaoloka. Ambiri anatsala m'makomo a eni chuma, kulima mpunga, kupalasa ngalawa, kukwatiwa. Ndipo apa pali chinthu chimene wofufuza aliyense ayenera kuchimvetsa. Pakati pa anthu otsata bele, mwamuna analibe mphamvu pa ana ake, chifukwa anawo anali a malume awo. Koma mkazi wogulidwa analibe mlongo woti adzaitanitse ana. Ana ake ankakhala a mwamunayo, kukulitsa mudzi wake. N'chifukwa chake amuna olemera ndi mafumu ankakonda akazi otere, ndipo n'chifukwa chake m'mabanja ambiri, mukatsata bele kubwerera m'mbuyo, ulusi umadukira pa mayi mmodzi amene alibe kwawo. Mukafunsa kuti agogo amenewo anachokera kuti, nkhalamba imayang'ana kumbali n'kuti, "Amenewo anangobwera." Mukafunsa za alongo awo, yankho ndi lakuti analibe.

Akuluakulu amadziwa tanthauzo la mawu amenewo, ndipo amasunga pakamwa. Nkhaniyi imatuluka pa tsiku loipa, pamene mabele awiri akulimbirana ufumu, wina n'kuponya mawu oti inu ndinu a kukhomo, si a m'nyumba. Ndimaona kuti kubisaku kwatipweteka kuposa mmene kwatitetezera. Manyazi a ukapolo anagwera pa munthu wolakwika. Mtsikana amene anagwidwa akutunga madzi ku Bua sanalakwe kanthu. Olakwa ndi amene anamugwira, amene anamugula, ndi mafumu athu ena amene anasinthanitsa anthu awo ndi nsalu ndi mfuti. Mayi ameneyo anapirira, anabereka, ndipo mbumba yake ndi imene yadzaza misika ndi masukulu a boma lino. Ayenera kutchulidwa dzina ngati kholo lina lililonse. Komabe wofufuza asathamangire pa Facebook ndi zimene wamva. Nkhani yotere ndi ya banja lonse, ndipo iyenera kuyamba yakambidwa m'nyumba, eni ake n'kugwirizana poiika.

Kwa mabanja a Chisilamu, amene ndi ochuluka ku Linga, kaundula wa ubatizo kulibe. Koma kutchula munthu ndi dzina la bambo ake, bin kapena binti uje, kumasunga mzere wa kuchimuna umene Mchewa wamba sausunga, ndipo pali mabanja amene amatha kutchula makolo motsatizana mpaka pa amene anabwera ndi Jumbe. Mashehe nawonso amadziwa amene anawaphunzitsa ndi amene anaphunzitsa aphunzitsi awo, ndipo mndandanda umenewo umathandiza kuika zaka pa anthu. Banja lokhala ndi mzere wa bambo kuchokera ku mzikiti ndi mzere wa mayi kuchokera kumudzi lili ndi mwayi umene ambiri alibe.

Kufunsa kwake

Umboni wa pakamwa anthu ena amaupeputsa, koma akatswiri athu anasonyeza kale kuti ukhoza kuyesedwa. Samuel Josia Ntara anayenda kwa akuluakulu polemba Mbiri ya Achewa, ndipo Kings Phiri wa ku Chancellor College anamanga ntchito yake ya mbiri ya chigawo chapakati pofananiza zimene midzi yosiyanasiyana inkanena. Njira yawo ndi yomwe ikufunika pa banja. Nkhani imodzi yochokera pakamwa pamodzi ndi mphekesera. Nkhani yomweyo ikachokera kwa anthu awiri a mabele osiyana, amene sanakhale pansi kupangana, yayamba kulemera. Ikagwirizananso ndi mzere wa m'buku, ndiye yaima.

Oyamba kufunsidwa akhale amayi okalamba. Amuna amadziwa za ufumu ndi milandu, koma amene amadziwa kuti uje anayamwa bele la yani, anabadwa pambuyo pa yani, ndipo analeredwa ndi yani mayi ake atamwalira, ndi amene anali m'chikuta. Afunseni paokha, osati pabwalo pamene aliyense akuyang'ana nkhope ya mfumu. Ndipo funso lakuti "Kodi anali abale?" n'lopanda phindu, chifukwa kwathu kuno aliyense ndi mbale. Funsani kuti, "Agogo, kodi awiriwa mayi awo anali mmodzi? Nanga akanatha kukwatirana?" Yankho la funso lachiwirilo limasiyanitsa msuweni ndi mlongo nthawi yomweyo. Funsaninso amene anali nkhoswe pa ukwati, amene anameta pa maliro, amene analandira katundu munthu atabwera ku Joni.

Zaka musazifunse ndi manambala. Nkhalamba imene singakuuzeni chaka chimene inabadwa ikuuzani kuti inali itatha msinkhu pa njala ya 1949, kapena kuti mwana wake woyamba anali kumsana pamene Kamuzu anachititsa msonkhano waukulu wa chipani pa Nkhotakota mu 1960. Ena amawerengera pa kumira kwa sitima ya Vipya mu 1946, ena pa kubwera kwa Ilala mu 1951, ena pa chaka chimene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown mu 1974, Amalawi oposa 70 n'kufa, boma n'kuimitsa ulendo wa ku migodi. Zochitika zimenezi zili ndi masiku odziwika, ndipo ndi misomali yokolekapo mbiri ya banja.

Kumanda nakonso kuli kaundula. Ziliza zolembedwa n'zatsopano, ndipo zambiri zinamangidwa patapita zaka, masiku ake ali ongoganizira. Koma kagonedwe ka anthu sikanama. Adzukulu okumba manda amadziwa kuti chigawo ichi ndi cha bele lakuti, ndipo uyu anagonekedwa pafupi ndi mayi ake. Munthu salowa kumanda yekha. Mumapempha kwa amfumu, iwo n'kukupatsani wokuperekezani. Chimodzimodzi minda: dimba la mpunga limene lagawidwa patatu limakuuzani kuti eni ake atatuwo analandira kwa munthu mmodzi.

Kwa amene kholo lawo linapita ku migodi, makhadi a Wenela, imene pambuyo pake inatchedwa TEBA, ndi chuma. Bungweli linkalemba mudzi, mfumu, mgodi, zaka za kontalakiti, zidindo za zala, ndi munthu woti alandire ndalama mwini wake akafa. Mzere womalizawu ndi wofunika koposa, chifukwa apa munthu ankatchula yekha amene ankamuyesa wake, ndipo nthawi zina ankatchula mlongo kapena malume m'malo mwa mkazi. Opita ku Southern Rhodesia kudzera ku bungwe la Mthandizi analembedwanso, koma ambiri ankayenda pansi paokha, ndipo amenewo ndi ovuta kuwatsata.

Za kuyeza magazi, zimene achinyamata amazitchula msanga, n'zothandiza pa funso lapafupi, monga ngati awiri ali ndi agogo amodzi. Pali kuyeza kwina kumene kumatsata mzere wa amayi okhaokha, ndendende mmene bele limayendera. Koma mtengo wake ndi wokwera, ndipo makampani oyezawo ali ndi anthu ochepa a kuno oti akufananizeni nawo. Sikungakuuzeni dzina la mudzi.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi mabuku aja. Nyengo ya kunyanja ndi yachinyezi, chiswe sichigona, ndipo kaundula wa zaka zoposa 100 amasungidwa m'kabati imodzi ndi makandulo ndi mabuku a nyimbo. British Library, kudzera mu pulogalamu yake ya Endangered Archives, yathandizapo kujambula zolemba zina zakale za m'dziko muno mogwirizana ndi nkhokwe ya ku Zomba, koma mabuku a m'maparishi ang'onoang'ono, a m'mizikiti ndi a m'mabwalo a mafumu ndi ambiri kuposa amene ntchito imodzi ingafikire. Sipafunika kudikira thandizo lakunja. Foni yokhala ndi kamera yabwino, chilolezo cha abambo a parishi kapena a shehe, ndi achinyamata awiri osamala m'manja akhoza kujambula buku lonse pa Loweruka limodzi, zithunzizo n'kusungidwa malo atatu osiyana. Foni yomweyo ikhoza kujambula mawu a agogo madzulo ake.

Ndipo ambiri adzapeza kuti ulusi wawo sukuthera pa gombe lino. Amishoni a UMCA ankaona nyanja yonse ngati dera limodzi, likulu lawo lili pa Likoma, aphunzitsi ndi ansembe akusamutsidwa kuchokera tsidya lina kupita lina. Leonard Kamungu, wansembe wobadwira kutsidya la Mozambique, anatumikira pa Kota Kota asanapite ku Msoro m'dziko la Zambia, kumene anamwalira mu 1913, ndipo panali mabanja ambiri a aphunzitsi oyenda chomwecho. Mwana woyamba angakhale m'buku la Nkhotakota, wachiwiri la Likoma, wachitatu la Messumba pafupi ndi Metangula, kumene mayina omwewo pambuyo pake anayamba kulembedwa m'kalembedwe ka Chipwitikizi. Makalata ndi malipoti amene amishoniwo ankatumiza kwawo ali ku Bodleian Library ku Oxford. Wofufuza amene watsiriza za ku Linga ndi ku Zomba akonzekere chiphaso choolokera, ndipo anyamule mayina onse a kholo lake, la kumudzi, la ubatizo ndi la kuntchito, pamodzi ndi dzina la mayi wa khololo.